Kuwerenga tinthu tosaoneka: malamulo a kubadwa kwa ma meson pa mphamvu zazikulu

Meson ndi kanthu kakang'ono kwambiri kuposa atomu, kamene kamabadwa tinthu tina tothamanga tikawombana, ndipo sikakhalitsa. Mitundu yake ndi yambiri, monga kaon ndi rho, koma yopepuka ndiponso yofala kuposa yonse ndi pion. Pion yokhala ndi chaji ya magetsi imalemera kuwirikiza pafupifupi ka 270 kulemera kwa electron, ndipo pangafunike ma pion pafupifupi 7 kuti afike pa kulemera kwa proton imodzi. Moyo wake ndi magawo 26 okha mwa magawo 1,000,000,000 a sekondi, kenako imasweka n'kusanduka muon ndi neutrino. Pion yopanda chaji ndiye sichedwa n'komwe. Imasanduka ma photon awiri, tinthu ta kuwala, pafupifupi pamalo pomwe yabadwira.

Ma proton awiri akawombana mwamphamvu, zambiri mwa zotuluka zimakhala ma pion. Sikuti anali atabisala m'kati mwa ma proton aja. Amapangika kuchokera ku mphamvu ya kuwombanako, motsatira zimene Albert Einstein anasonyeza mu 1905, zakuti mphamvu ikhoza kusanduka kulemera ndipo kulemera kukhoza kusanduka mphamvu. Asayansi amayeza mphamvuyi mu ma GeV. GeV imodzi ndi pafupifupi mphamvu imene ili m'kulemera kwa proton imodzi, ndipo TeV imodzi ndi ma GeV 1,000.

Mphamvu ikawonjezedwa, ma meson amabadwa angati, amalowera kuti, ndipo kuwombana kwa mtundu wakutiwakuti kumachitika kangati? Munthu angaganize kuti mphamvu iliyonse ili ndi nkhani yakeyake, moti palibe chochita koma kuyeza chilichonse pachokha. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 zinaoneka kuti mphamvu ikakwera kutali kuposa kulemera kwa tinthu towombanato, zotsatira zimayamba kutsata njira yosavuta. Nthawi zina sizidaliranso kukula kwa mphamvuyo, zimangodalira gawo limene kanthu kalikonse katengapo. Nthawi zina zimatsika ndi muyeso wokhazikika mphamvu ikawirikizidwa. Njira zimenezi zimatchedwa malamulo a scaling, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti zimaulula zimene zili m'kati mwa proton ndi meson, kumene palibe makina amene angaoneko mwachindunji.

Meson inayamba ngati yankho la masamu. Mu 1935 Hideki Yukawa wa ku Japan ankafuna kudziwa chimene chimamanga ma proton ndi ma neutron pamodzi m'phata la atomu, poti ma proton ali ndi chaji yofanana ndipo amayenera kukankhana. Iye anati payenera kukhala kanthu kolemerako kamene tinthu timeneti timapatsirana. Mu 1947 Cecil Powell, César Lattes ndi Giuseppe Occhialini a ku yunivesite ya Bristol anapeza mapazi a pion m'mafilimu apadera amene anawasiya pamwamba pa mapiri a Pic du Midi ku France ndi Chacaltaya ku Bolivia, kumene tinthu tochokera kutali m'mlengalenga timafika tambiri. Chaka chotsatira, Lattes ndi Eugene Gardner anaona ma pion opangidwa ndi makina ku Berkeley. Yukawa analandira mphotho ya Nobel mu 1949 ndipo Powell mu 1950.

Mu 1964 Murray Gell-Mann ndi George Zweig, aliyense payekha, ananena kuti proton ndi neutron zili ndi tinthu titatu m'kati, totchedwa ma quark, pamene meson ili ndi tiwiri: quark imodzi ndi antiquark imodzi, imene ndi mnzake wa quark wokhala ndi chaji yotembenuka. Vuto linali lakuti quark siinaonekepo yokha, ndipo mpaka lero siinaoneke. Wina akayesa kuitulutsa mu proton, mphamvu imene wagwiritsa ntchitoyo imabala quark ina ndi antiquark, ndipo chotuluka chimakhala meson. N'chifukwa chake anthu ambiri pa nthawiyo ankaona ma quark ngati njira yongosanjira mayina, osati zinthu zenizeni.

Maganizo anasintha mu 1968 ku SLAC, ku California, kumene makina aatali makilomita 3 ankawombera ma electron pa ma proton. Ma electron ambiri kuposa amene ankayembekezeredwa anakhota kwambiri, ndipo zotsatira zake zinkadalira chiwerengero chimodzi chokha m'malo mwa ziwiri, monga James Bjorken ananeneratu. Richard Feynman anatanthauzira zimenezi mosavuta: m'kati mwa proton muli tinthu tolimba topanda kukula koyezeka, ndipo chiwerengero chija ndi gawo la mphamvu ya proton limene kanthu kogundidwako kananyamula. Ili linali lamulo loyamba la scaling, ndipo ena onse anachokera pa maganizo omwewa.

Lamulo la Feynman

Mu 1969 Feynman anatembenukira ku kuwombana kwa ma proton okhaokha, kumene kumatulutsa ma pion ochuluka nthawi imodzi. Kutsata aliyense kunali kosatheka, choncho iye anati funso lichepetsedwe: munthu ayang'ane pion imodzi, ayeze kumene ikupita ndi mphamvu yake, osasamala zina zonse zotuluka. Kenako mphamvu yake yopita kutsogolo igawidwe ndi mphamvu yonse imene ikanatha kutenga. Yankho limakhala pakati pa 0 ndi 1, ndipo limatchedwa x. Feynman ananeneratu kuti pa mphamvu zazikulu, mwayi wopeza pion udzadalira x yekha pamodzi ndi kuchuluka kwa mphamvu yake yopita cham'mbali. Ndiye kuti pion yotenga gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu idzaoneka kawirikawiri mofanana, kaya kuwombanako kuli pa 20 GeV kaya pa 60 GeV. Chaka chomwecho C. N. Yang ndi anzake atatu anafika pa maganizo ofanana nawo, ponena za zidutswa zimene zimapitirira m'njira ya proton yoswekayo.

Panali kale chinthu china chodabwitsa chimene lamuloli linatsamirapo. Ngakhale mphamvu ikwere chotani, ma pion ambiri amatuluka ndi mphamvu yochepa yopita cham'mbali, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a GeV. Mphamvu yowonjezeredwayo imathera kutsogolo ndi kumbuyo, m'njira imene ma proton anadzera.

Kuchokera pa lamulo la Feynman munthu akhoza kudziwa mmene chiwerengero cha ma pion chiyenera kukulira, ndipo yankho lake ndi lakuti pang'onopang'ono kwambiri: mphamvu ikawirikizidwa ka 10, pamangowonjezeka ma pion ochepa, ndipo ikawirikizidwanso ka 10 pamawonjezeka ochepa omwewo. Izi zinasiyana ndi zimene Enrico Fermi mu 1950 ndi Lev Landau mu 1953 anawerengera, poona kuwombanako ngati kampira kotentha kwambiri kamene kamaphulika. Kwa iwo, mphamvu ikawirikizidwa ka 100 chiwerengero chiyenera kuwirikiza ka 10.

Mu 1971 ku CERN, pafupi ndi Geneva, kunayamba kugwira ntchito makina otchedwa ISR, oyamba kuwombanitsa ma proton maso ndi maso, ndipo anafika pa mphamvu yopitirira pang'ono 60 GeV. Kwa ma pion othamangira kutsogolo, lamulo la Feynman linakwanira bwino. Kwa ma pion otuluka chapakati, cham'mbali mwa malo owombanirana, silinakwanire: chiwerengero chawo chinkayenera kuima pamalo amodzi, koma chinkakwerabe. M'chigawo chimodzi choyezedwa cha pakatipo, tinthu ta chaji tinali pafupifupi 2 pa kuwombana kulikonse pa mphamvu yapamwamba ya ISR. Pa makina a LHC a ku CERN komweko, amene ndi ozungulira makilomita 27, gulu la ALICE linapeza pafupifupi 3 pa 0.9 TeV ndipo opitirira 5 pa 13 TeV. Kukwera kumeneku n'kochepa poyerekeza ndi zimene Landau ankayembekezera pa chiwerengero chonse, komabe n'kokwanira kusonyeza kuti lamulo la Feynman si lathunthu.

Lamulo lina la m'banja lomweli linagwa chimodzimodzi. Mu 1972 Koba, Nielsen ndi Olesen a ku Copenhagen anati ngakhale chiwerengero cha tinthu chimasiyana pa kuwombana kulikonse, kasiyanidwe kake kadzaoneka kofanana pa mphamvu zonse, bola chiwerengero chilichonse chigawidwe ndi chiwerengero cha pakatikati. Zinayenda bwino mpaka pa ISR. M'zaka za m'ma 1980 gulu la UA5 ku CERN, pa 546 GeV, linapeza kuti kuwombana kobala tinthu tochuluka kwambiri kukuchitika kawirikawiri kuposa mmene lamuloli limalolera.

Chifukwa chake chinadzadziwika bwino pambuyo pake. Ma quark amamangidwa ndi tinthu totchedwa ma gluon, ndipo makina a HERA ku Hamburg, amene anagwira ntchito kuyambira 1992 mpaka 2007, anasonyeza kuti ma gluon onyamula gawo laling'ono kwambiri la mphamvu ya proton ndi ochuluka zedi. Mphamvu ya kuwombana ikakwera, ngakhale ma gluon ofookawa amakhala ndi mphamvu yokwanira kubala ma pion, ndipo nthawi zambiri magulu angapo a iwo amawombana pa nthawi imodzi. Kugwa kwa lamulo la Feynman chapakati kunali chizindikiro choyambirira cha khamu la ma gluon limeneli.

Kuwerenga ma quark

Lamulo lokopa kwambiri limakhudza kuwombana kwa mtundu wina, kosowa, kumene tinthu tiwiri timalowa ndipo tiwiri tokha timatuluka, titakhota kwambiri. Chitsanzo chabwino ndi photon ya mphamvu zazikulu imene yagunda proton, n'kutuluka pion ya chaji ndi neutron, popanda china chilichonse, pion itakhotera pa madigiri 90.

Kuti zimenezi zichitike, ma quark onse ayenera kukhota limodzi n'kukhalabe ogwirana. Zili ngati mnyamata woweta amene akufuna kukhotetsa mbuzi zothamanga kuti zilowe m'kanjira kopatuka popanda ina kupitirira: mbuzi ziwiri zikhoza kutheka, zitatu n'zovutirapo, ndipo liwiro likamakula mwayi woti zonse zilowe umachepa msanga malinga ndi kuchuluka kwa mbuzizo. Quark imodzi ikapitirira, proton imasweka, pamatuluka ma pion ambiri, ndipo kuwombanako sikuwerengedwanso m'gulu limeneli.

Mu 1973 Stanley Brodsky ndi Glennys Farrar ku America, komanso Matveev, Muradyan ndi Tavkhelidze ku Dubna m'dziko la Soviet Union, anasandutsa maganizo amenewa kukhala lamulo la masamu osavuta. Pali chiwerengero chotchedwa s, chimene ndi mphamvu yonse ya kuwombana itachulukitsidwa ndi iyo yomwe. Munthu awerenge tinthu tonse tosagawika timene talowa ndi timene tatuluka, achotsepo 2. Yankho lake limauza kangati mwayi wa kuwombanako udzadulidwa pakati s akawirikizidwa kawiri, ngodya yokhotera ikakhala yomweyo.

Pa chitsanzo chija, photon ndi kanthu kamodzi, proton ili ndi ma quark 3, pion ili ndi 2, neutron ili ndi 3. Zonse pamodzi ndi 9, kuchotsapo 2 kutsala 7. Choncho s akawirikizidwa kawiri, mwayi uyenera kudulidwa pakati ka 7 motsatizana, kutanthauza kuti utsike kuwirikiza ka 128. Pion ikagunda proton n'kukhota, tinthu ndi 10, yankho ndi 8, ndipo mwayi umatsika ka 256. Ma proton awiri ali ndi 12, yankho ndi 10, kutsika ka 1,024. Photon ikaswa deuteron, phata lokhala ndi proton ndi neutron, tinthu ndi 13, yankho ndi 11, kutsika ka 2,048.

Kukongola kwa lamuloli n'kwakuti likhoza kuwerengedwa chobwerera. Woyeza safunika kuona quark. Amangoyeza mmene kuwombana kukusowera mphamvu ikamakwera, n'kupeza chiwerengero, ndipo chiwerengerocho chimamuuza kuti m'kati muli tinthu tingati. Pion ikanakhala kanthu kamodzi kosagawika, yankho la chitsanzo choyamba likanakhala 6, osati 7. Zotsatira za ku SLAC zofalitsidwa mu 1976, za ma photon a 4, 5 ndi 7.5 GeV, zinapereka chiwerengero chapafupi ndi 7. Ma proton awiri anapereka chapafupi ndi 10, ndipo deuteron inadzapereka chapafupi ndi 11 ku SLAC ndi ku Jefferson Lab, ku Newport News m'chigawo cha Virginia. Ndi zinthu zochepa m'sayansi imeneyi zimene munthu angaziwerengere pa zala n'kuzipeza zoona m'makina odula chotere.

Maziko a lamuloli ndi akuti ma quark alibe kukula kwawokwawo, ndipo pa mphamvu zazikulu kulemera kwawo sikuwerengedwa kanthu. Palibe utali kapena kulemera kwina kumene kungalowerere pa masamuwo, choncho chotsala chokha cholamulira zotsatira ndi s. Chaka chomwecho cha 1973 David Gross, Frank Wilczek ndi David Politzer anasonyeza kuti mphamvu yomanga ma quark imafooka akayandikana kwambiri, ndipo pa chifukwa chimenechi analandira mphotho ya Nobel mu 2004. Chiphunzitso chimene chinakhazikika pamenepa chimatchedwa QCD. Cha m'ma 1979 ndi 1980 Peter Lepage ndi Brodsky, komanso Efremov ndi Radyushkin, anatulutsa lamulo lowerenga ma quark kuchokera m'chiphunzitsochi, ndipo anasonyeza kuti liyenera kupatuka pang'ono chifukwa mphamvu yomangayo imasintha pang'onopang'ono.

Nkhani ikanathera pamenepo ikanakhala yosalala, koma siili choncho, ndipo mbali yovutayi ndi imene ikupatsa ofufuza ntchito mpaka lero. Choyamba, lamuloli limayamba kugwira ntchito msanga kwambiri, pa mphamvu ya ma GeV ochepa chabe, pamene masamu a QCD osavuta aja sayenera kudalirika. Chachiwiri, masamuwo akagwiritsidwa ntchito kuwerengera kuchuluka kwenikweni kwa kuwombanako, osati katsikidwe kake kokha, nthawi zambiri yankho limachepa kutali poyerekeza ndi zoyezedwa. Nathan Isgur ndi Chris Llewellyn Smith anatsutsa mwamphamvu m'zaka za m'ma 1980 kuti kugwirizana kwa lamuloli ndi zoyezedwa sikutsimikizira kuti chifukwa chake ndi chimene chimanenedwacho. Kutsutsa kwawo kunali koyenera, pakuti yankho lolondola likhoza kuchokera pa njira yolakwika.

Zoyezedwazo nazonso sizitsata mzere wowongoka ndendende. Pa ma proton awiri okhota pa madigiri 90, zimakwera ndi kutsika mozungulira mzere wa 10, ndipo mu 1982 John Ralston ndi Bernard Pire anati izi zimabwera chifukwa njira ziwiri zowombanirana zimasakanikirana, ina ya izo ndi imene Peter Landshoff anafotokoza mu 1974, mmene quark iliyonse imakhota payokha koma onse n'kupezeka alowera kumodzi. Mu 2003 zotsatira za ku Jefferson Lab za kubadwa kwa ma pion a chaji zinatsata 7 mwachidule, koma zinasonyezanso zizindikiro za kupatuka kwa mtundu womwewo. Ndipo pamene photon yagunda proton n'kutulukanso photon, lamulo limanena 6, koma mu 2007 Jefferson Lab inapeza pafupifupi 8. Ambiri amafotokoza zimenezi ndi njira ina, imene quark imodzi yokha imalandira nkhonya yonse, enawo n'kutsatira mofatsa popanda kukankhidwa mwamphamvu.

Mbali ina yosayembekezeka inabwera mu 2002, pamene Joseph Polchinski ndi Matthew Strassler anapeza lamulo lomwelo lowerenga tinthu kuchokera ku chiphunzitso china chotchedwa string, popanda kufuna kuti mphamvu yomanga ikhale yofooka. Ngati zili choncho, lamuloli likhoza kukhala lozama kuposa masamu amene analibala, ndipo kuyamba kwake msanga sikungakhale kodabwitsa kwenikweni. Nkhaniyi siinathe. Makina a Jefferson Lab anakwezedwa kuchoka pa 6 GeV kufika pa 12 GeV, ntchito imene inatha mu 2017, ndipo kuyesa malamulowa pa ma pion, ma kaon ndi ma meson ena ndi gawo la ntchito yake. Ku Brookhaven, ku New York, kukukonzedwa makina atsopano owombanitsa ma electron ndi ma proton komanso maphata a ma atomu.

Pakati pa lamulo la Feynman ndi lamulo lowerenga ma quark pali lachitatu, lokhudza ma pion osowa amene amatuluka cham'mbali ndi mphamvu yaikulu m'kuwombana wamba. Mu 1972 ISR inawapeza ochuluka kuposa mmene aliyense ankaganizira, umboni wakuti tinthu tolimba tikugundana m'kati. Masamu osavuta ankati mphamvu yopita cham'mbali ikawirikizidwa kawiri, gawo lake pa mphamvu yonse likakhala lomwelo, mwayi udulidwe pakati ka 4, koma ISR inapeza pafupifupi 8. Kusiyana kumeneku kunasokoneza anthu kwa zaka zingapo. Mphamvu zitakwera chiwerengerocho chinatsika, ndipo pa LHC chili pafupi ndi 5, monga QCD yathunthu imayembekezera.

Ntchito yake kunja kwa labotale

Malamulowa amathandiza kulosera zimene zimachitika pa mphamvu zimene makina sanafikepo, ndipo chilengedwe chimafika kumeneko tsiku ndi tsiku. Ma proton ndi maphata a ma atomu ochokera kutali m'mlengalenga amagunda mpweya pamwamba, n'kubala ma pion, amene amagundanso mpweya n'kubala ena, mpaka pakhale mvula ya tinthu mabiliyoni. Ma pion a chaji amasanduka ma muon amene amafika pansi paliponse pa dziko lapansi, pafupifupi imodzi pa sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi pa mphindi iliyonse. Tinthu tamphamvu kwambiri mwa tochokera kutali m'mlengalenga tija timawombana ndi mpweya pa mphamvu yopitirira ya LHC kuwirikiza pafupifupi ka 30.

Ku Malargüe, m'dziko la Argentina, malo ofufuzira a Pierre Auger ali ndi matanki a madzi opitirira 1,600 omwazika pa dera la masikweya kilomita 3,000, owerenga tinthu ta mvula imeneyi. Kuti adziwe chimene chinayambitsa mvulayo, ofufuza amadalira mapulogalamu a kompyuta amene amatenga zoyezedwa pa makina n'kuzitambasulira ku mphamvu zapamwamba. Ofunika kwambiri pamenepa ndi ma pion othamangira kutsogolo, chifukwa ndiwo amanyamula mphamvu yambiri. Kachipangizo kotchedwa LHCf, koikidwa mamita 140 kuchoka pamene ma proton amawombanirana pa LHC, kanayeza ma pion opanda chaji a mtundu umenewu ndipo kanapeza kuti pakati pa 2.76 TeV ndi 7 TeV lamulo la Feynman likugwirabe ntchito bwino ndithu kutsogoloko, patatha zaka zoposa 40 chilinenereni. Opanga ma neutrino nawonso amadalira chidziwitso chomwechi, pakuti ma neutrino amene amatumizidwa kuchoka ku J-PARC kupita ku Super-Kamiokande ku Japan, mtunda wa makilomita 295, amachokera ku ma pion osweka, ndipo gulu la NA61 ku CERN limayeza kubadwa kwa ma pion kuti chiwerengero chawo chidziwike.

Pali chosowa chimodzi chachikulu. Mu 2016 gulu la Auger linafalitsa kuti mvula zamphamvu kwambiri zili ndi ma muon ochuluka kuposa mmene mapulogalamu amanenera, ndi magawo pafupifupi 30 mpaka 60 pa 100 alionse, malinga ndi pulogalamu imene yagwiritsidwa ntchito. Poti ma muon amachokera ku ma meson a chaji, kusiyanaku kukusonyeza kuti mapulogalamuwo akulakwitsa penapake pa kagawidwe ka mphamvu pakati pa ma pion opanda chaji, amene amathera m'kuwala, ndi tinthu tina timene timapitiriza kubala. Kulakwitsa kwakung'ono pa kuwombana kumodzi kumakula kukabwerezedwa pa mibadwo ingapo ya mvulayo. Mpweya uli ndi nitrogen ndi oxygen, osati ma proton okhaokha, ndipo pa chifukwa chimenechi mu Julayi 2025 LHC inawombanitsa ma proton ndi maphata a oxygen kwa nthawi yoyamba, kuti kubadwa kwa ma meson mu mpweya kuyezedwe mwachindunji pa mphamvu zazikulu.